Musanadzaze fomu ya kuyunivesite, werengerani zaka zonse zinayi

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la National Council for Higher Education, lomwe ambiri amangoti NCHE, likatulutsa mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, mafoni sagona. Mndandanda umayenda pa WhatsApp kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo pakhomo pamene dzina lapezeka pamamveka nthungululu. Chimwemwe chimenechi nchoyenera, pakuti malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene achinyamata ake ochepa zedi amafika ku sukulu za ukachenjede. Komabe tsiku la mayina ndi laling'ono pa nkhani yonseyi. Zimene zimaumba tsogolo la mwanayo zinachitika miyezi ingapo m'mbuyo pamene ankadzaza fomu, ndipo zina zidzachitika m'zaka zimene azidzafuna pogona, chakudya ndi fizi semesita iliyonse. Mfundo yanga ndi yakuti banja liyenera kusankha sukulu poyang'ana tsiku lomaliza, podzifunsa ngati mwanayo angathedi kufika kumapeto pa malo amenewo, komanso ngati pepala limene adzatuluke nalo lidzamulola kugwira ntchito imene akuifuna. Ulemu wa dzina la sukulu ubwere pambuyo pa mafunso awiriwa.

Tiyambe ndi mmene fomu imadzazidwira. Masiku ano kalembera amachitika pa intaneti, choncho mwana wa kumudzi amakwera kabaza kupita pa boma, nakalowa mu kafe momwe muli makompyuta atatu kapena anayi ndi mzere wa anzake pakhomo. Wabwera ndi zotsatira za mayeso zopindidwa m'kope, ndi ndalama yowerengeka imene iyenera kukwanira kulipira fomu, kafe ndi ulendo wobwerera. Nthawi zambiri amene amagwira kiyibodi ndi mnyamata wa pa kafeyo, ndipo akafunsa kuti alembe kosi iti, mwanayo amatchula mayina amene wakhala akuwamva kuyambira ali ku pulayimale: udokotala, uinjiniya, unamwino, zowerengera ndalama. Magetsi akhoza kuthima nthawi iliyonse, ena akudikira, ndiye zonse zimatha m'mphindi zochepa. Chisankho chimene chidzadye zaka zinayi za moyo wake ndi chuma cha banja lonse chimapangidwa mothamanga chonchi, popanda amene wamufotokozera kuti makosi onse amene watchulawo ndi omwenso akulimbirana ana amene anapeza mapointi abwino kwambiri m'dziko lonse.

Apa mpofunika kumvetsa mmene mapointi amagwirira ntchito, chifukwa ambiri amangodziwa theka lake. Pa mayeso a MSCE amene amakonzedwa ndi MANEB, giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Kuti munthu apikisane nawo pa malo a kuyunivesite amafunika makirediti osachepera asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapointi amawerengedwa pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino kwambiri. Izi aliyense amazidziwa. Chimene chimaiwalika nchakuti kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Mwana wa mapointi okongola amene anawapeza pa Chichewa, Bible Knowledge, Agriculture ndi Social Studies, koma Masamu ndi Physics zikutsimphina, sangapikisane pa uinjiniya ndi mnzake wa mapointi ochulukirapo amene anawala pa maphunziro awiriwo. Akadzaza mipata yonse ya pa fomu ndi makosi otere, dzina lake silituluka paliponse, ndipo kumudzi amayamba kunena kuti pachitika zachinyengo. Fomu yodzazidwa mwanzeru imakhala ndi kosi imene mtima ukuilakalaka pamwamba, kenaka makosi ena amene magiredi ake akugwirizana nawo bwino lomwe ndipo iye angawaphunzire mosanyinyirika.

Vuto lina ndi lakuti makolo ambiri, ngakhale aphunzitsi ena, akadali ndi chithunzi chakale cha mayunivesite athu. University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu inali yokhayo m'dziko muno. Anthu anazolowera kunena za Chanco, Poly, Bunda, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine ngati nthambi za mtengo umodzi. Lero zinthu zinasintha. Mzuzu University, yomwe ambiri amangoti Mzuni, inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Bunda inachoka nikhala maziko a LUANAR, yomwe pambuyo pake inatenganso Natural Resources College. MUST inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: dzinali linatsala ku Zomba, Poly inasanduka MUBAS, ndipo sukulu za madokotala ndi anamwino zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Kusinthaku sikuli pa mayina pokha. Kunabwera makosi amene makolo sanawamvepo, ndipo iliyonse mwa sukulu zisanu ndi imodzizi ili ndi mbali imene ili ndi mphamvu. Wofuna udokotala wa ziweto apita ku LUANAR. Wofuna zokopa alendo, za nkhalango kapena zopima maso ayang'ane ku Mzuni. Wofuna zanyengo kapena za miyala ya pansi pa nthaka apeza zambiri ku MUST. Ndiye nkulakwitsa kuyamba ndi kunena kuti mwana wanga apite ku Zomba kapena ku Blantyre, kenaka nkumafufuza kosi iliyonse imene ingamulowetse kumeneko. Choyamba ndi kosi, ndipo kosiyo ndi imene iloze sukulu.

Wina anganene kuti dzina la sukulu lili ndi ntchito, chifukwa olemba anthu ntchito amayang'ana kumene munthu anaphunzira, ndipo amene anadutsa pa sukulu zakale amakokana okhaokha m'maofesi. Izi zili ndi choonadi chake ndipo sindingazikane. Sukulu imene yakhalapo zaka zambiri imakhala ndi aphunzitsi ozama, nyumba yowerengeramo mabuku yokulirapo, ndi gulu la anthu amene anaphunzirapo omwe angatsegulire mnzawo khomo. Koma pa ntchito zambiri zimene makolo amazilakalaka, khomo lenileni silisungidwa ndi dzina la sukulu. Namwino sagwira ntchito popanda chiphaso cha Nurses and Midwives Council of Malawi. Dokotala ndi ena ambiri a zachipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Wowerengera ndalama amene akufuna kukwera amadutsa mayeso a ukadaulo monga a ICAM, ndipo wophunzira zamalamulo ali ndi njira yake yoti adutsemo asanaloledwe kuimira anthu m'khoti. Mabungwe amenewa amayang'ana ngati kosi imene munthu anachita ndi yovomerezeka ndiponso ngati iye wakhoza mayeso awo. Ndipo dzina lokongola silithandiza konse munthu amene anasiyira panjira m'chaka chachiwiri chifukwa ndalama zinatha. Digiri yomalizidwa pa sukulu yosatchuka imaposa zaka ziwiri zopanda pepala pa sukulu yotchuka.

Mfundo yomweyi ndi imene iyenera kutsogolera banja likamaganiza za mayunivesite omwe si a boma. Ena mwa iwo ali ndi mizu yakuya m'mipingo imene inayamba kuphunzitsa anthu m'dziko muno boma lisanayambe: University of Livingstonia ya Sinodi ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003, Catholic University of Malawi ku Nguludi mu 2006, ndipo palinso Nkhoma University ndi Malawi Adventist University yomwe ili ndi sukulu ya zaumoyo ku Malamulo. Sukulu zoterezi zatulutsa aphunzitsi, anamwino ndi antchito ena amene akutumikira dziko bwino lomwe, ndipo mwana amene wapita kumeneko asadzione ngati wotsalira. Koma m'gulu lomweli mumapezekanso ena amene amangobwereka nyumba m'tauni, kupachika chikwangwani ndi kuyamba kulandira fizi. Chitetezo cha kholo ndi chimodzi: kufunsa ku NCHE, yomwe lamulo la mu 2011 linaipatsa udindo wolembetsa ndi kuvomereza sukulu za ukachenjede. Ndipo funso likhale lolunjika, chifukwa kulembetsedwa kwa sukulu ndi kuvomerezedwa kwa kosi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sukulu ikhoza kukhala m'kaundula pamene kosi imene mwana akufuna sinavomerezedwe, kapena inavomerezedwa pa nthambi ina osati imene iye akupitako. Mawu a pa wailesi akuti sukulu yathu ndi yodziwika ndi boma asakwanire. Kholo lione mndandanda wa NCHE ndi maso ake, lipeze dzina la kosiyo, lisanatulutse ngakhale ndalama ya fomu.

Tsopano tifike pa ndalama, pamene pagona mtima wa nkhaniyi. Akuluakulu amene anaphunzira ku Chirunga kapena ku Chichiri nthawi ya Kamuzu amakumbukira yunivesite imene inkapereka bedi, chakudya katatu pa tsiku ndi kandalama ka m'thumba. Masiku amenewo anapita. Lero wophunzira amalipira fizi, amadzipezera chakudya, ndipo kawirikawiri amadzipezeranso pogona, chifukwa chiwerengero cha ophunzira chinakula kwambiri pamene mahositelo sanakule mofanana. Fizi ya m'mayunivesite a boma inakwezedwa mu 2016, zomwe zinadzetsa zionetsero za ophunzira, ndipo inakwezedwanso mu 2023. Komabe fizi ndi gawo looneka chabe, lomwe limalembedwa pa kalata. Gawo losalembedwa ndi limene limagwetsa ambiri: lendi mwezi uliwonse, ufa, ndiwo, makala, sopo, bandulo ya intaneti, kusindikiza ndi kufotokopa, ulendo wopita ndi kubwerera kwawo, komanso laputopu kapena foni yabwino yomwe masiku ano yasanduka ngati kope. Makosi ena ali ndi zawo zowonjezera. Wa unamwino amafunika yunifolomu ndi ndalama yokhalira kumene watumizidwa kukaphunzira ntchito m'chipatala, wa uphunzitsi amakakhala miyezi pa sukulu ina, ndipo wa uinjiniya amaphunzira zaka zisanu pamene wa udokotala amatha zisanu ndi chimodzi akaphatikiza chaka chokonzekera.

Amene akufuna kuona tanthauzo la zimenezi apite ku Chikanda, pafupi ndi yunivesite ya ku Zomba, kapena ku Luwinga ku Mzuzu, kapena m'makomboni ozungulira MUBAS monga Chitawira ndi Zingwangwa. Chipinda chimodzi chaching'ono chimakhala ndi matiresi awiri pansi, mbaula pakona, ndowa ya madzi, thumba la ufa lochokera kumudzi litatsamira khoma, ndi chingwe cha magetsi chimodzi chomwe chanyamula mafoni ndi laputopu. Mabuku ali m'katoni kuti asanyowe mvula ikadontha. Chimbudzi ndi bafa ndi za panja, zogwiritsa ntchito nyumba zingapo. Wophunzira amene amakhala m'chipinda chotere amadzuka kukatunga madzi, amapita m'kalasi, amabwerera kudzaphika nsima ya bonya kapena soya, ndipo akafuna kuwerenga usiku ku laibulale amayenera kuganiza za njira yamdima yobwerera, makamaka akakhala mtsikana. Ambiri amakhoza bwino ndithu ali m'moyo umenewu, ndipo ayenera ulemu. Koma amakhoza chifukwa chinachake chimafika mwezi ndi mwezi, ngakhale chochepa. Chikasiya kufika, mwini nyumba amakhoma loko pachitseko, ndipo mwana wanzeru amayamba kujomba m'kalasi kuti akasake ganyu.

Ambiri amayankha kuti boma limapereka ngongole. Nzoona, ndipo bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, lathandiza ophunzira ochuluka amene sakanaponda pa yunivesite. Aliyense wovutika apemphe, ndipo apemphe msanga, atakonzeratu chiphaso cha unzika ndi zikalata zonse zotsimikiza kuvutika kwake, chifukwa fomu yoperewera imatayitsa mwayi. Koma banja lisamange chiyembekezo chonse pamenepo. Opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo, kotero si onse amene amalandira. Ndalama yodyera imene imaperekedwa nthawi zambiri imatsalira m'mbuyo mitengo ikamakwera, ndipo tonse tinaona mmene zinthu zinadulira kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi zinanso ndalamayo imafika semesita itayamba kale, pamene mwini nyumba ndi mimba sizidikira. Komanso iyi ndi ngongole, yoyenera kubwezedwa munthu akamaliza, ndipo thumba limeneli limadalira obweza kuti ang'ono awo adzapeze pobwereka. Njira yabwino ndi kuiwerengera ngati mwendo umodzi wa mpando, nkufunsa kuti miyendo inayo ichokera kuti.

Pali chitsutso chimene chimandikhudza kwambiri kuposa zonse, chakuti kuwerengera ndalama motere kumafooketsa ana a anthu osauka. Amene amanena izi amati mwana wa mlimi akakhala pansi nkuwerengera zaka zinayi adzaona phiri losakwereka nkusiya, pamene akanangopita, njira ikanapezeka pakati pa ulendo monga yapezekera kwa ambiri. Ndikumvetsa mantha amenewa, ndipo sindikunena kuti wosauka asapite. Ndikunena kuti wosauka ndi amene akufunika kuwerengera kuposa wina aliyense, chifukwa alibe pothawira zinthu zikavuta. Mwana wa bwana akalakwitsa kosi amayambiranso kwina. Mwana wa mlimi akalakwitsa, mbuzi zimakhala zitagulitsidwa kale, ndipo mwina mlongo wake anasiyitsidwa sukulu kuti iye apite. Kuwerengera sikutseka njira, kumaonetsa pamene pali dzenje nthawi ikadalipo yolikwirira. Banja limene ladziwa mu Okutobala kuti lidzaperewera mu Febuluwale lili ndi miyezi yofikira mpingo, mabungwe othandiza ophunzira, ofesi ya zosamalira anthu ya pa boma kapena wachibale wa kutauni. Limene lazindikira mwana atathamangitsidwa kale m'chipinda cha mayeso limangogwira njakata. Ndipo kuwerengera kungasinthe chisankho chenichenicho: ngati kosi yofanana ikupezeka ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ku Lilongwe kuli azakhali amene angasunge mwanayo, chimenecho ndi chifukwa chomveka choikira Lilongwe patsogolo pa fomu.

Kuwerengeraku kuchitike pagulu, achibale atakhala pansi. Pa tsiku la chisangalalo amalume, achimwene ndi alamu amalonjeza ndi mtima wonse, koma lonjezo lopanda nambala ndi mwezi limasungunuka. Ndi bwino kugwirizana momveka kuti uyu atenga lendi, uyu azitumiza ufa ndi nyemba, uyu alipira fizi ya semesita yoyamba, ndipo wina mmodzi akhale woyang'anira kuti zikuchitikadi. Mabanja odalira ulimi aganizirenso kuti ndalama zawo zimabwera pa nyengo imodzi, pamene fodya, soya kapena mtedza zagulitsidwa, koma sukulu imafuna ndalama ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka ndipo feteleza watenga zonse. Ndalama ya miyezi imeneyo iyenera kupatulidwa pa nthawi yokolola. Ndipo pa mapulani onsewa pakhale kampata ka zosayembekezereka, chifukwa zaka zinayi za pa kalata sizikhala zinayi nthawi zonse. Mu 2011 maphunziro ku Chancellor College anaima kwa miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, ndipo mu Marichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Kalendala ikasokonekera, lendi ndi chakudya zimawonjezekera pamwamba pa zimene banja linakonzekera.

Kukonzeka kwina ndi kwa m'mutu, ndipo kumeneku sikufuna ndalama zambiri. Ku sekondale mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi, amayendera makope, ndipo wojomba amaitanidwa. Ku yunivesite mphunzitsi amalankhula kwa gulu lalikulu, amatchula mabuku oti mukawerenge, nkutuluka. Palibe amene amafunsa chifukwa chimene sunabwere. Magiredi amayamba kuwerengedwa kuyambira pa ntchito ndi mayeso a m'kati mwa semesita, kotero amene anazolowera kudzuka mwezi womaliza amapezeka atatsalira kale. Mawu akuti sapu (mayeso obwereza) ndi kuwididwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera) amene ophunzira amatchula mwamantha amagwera ngakhale ana amene anali oyamba m'kalasi kwawo. Amene achokera ku masekondale oyendera a CDSS amakhala ndi mtunda wowonjezera, chifukwa ambiri amafika asanagwirepo kompyuta kapena chida cha mu labotale, ndipo Chingerezi chimene anachidziwa ndi cha pa pepala la mayeso, osati chomvera munthu akulankhula mothamanga kwa ola lathunthu. Izi si umbuli, ndi kusiyana kwa mwayi, ndipo kumatha ngati munthu wakuzindikira msanga. Pakati pa kulemba MSCE ndi kuyamba yunivesite pamadutsa miyezi yambiri imene ana ochuluka amangoikhala. Miyezi imeneyi ndi yokwanira kuphunzira kutaipa, kutumiza imelo ndi kusunga ntchito pa kompyuta, kuwerenga mabuku athunthu ndi nyuzipepala, kubwereza Masamu kwa amene akupita ku sayansi, komanso kuphunzira kuphika ndi kugawa ndalama kuti ifike kumapeto kwa mwezi. Anyamata asaone chomalizachi ngati chachibwana, pakuti wosadziwa kuphika amathera ndalama ya mwezi pa chiwaya m'masabata awiri.

Ena amati kukamba za kusankha nkungotaya nthawi, popeza amene amasankha ndi NCHE ndipo mwana amangolandira chimene wapatsidwa. Kale mawu amenewa anali ndi mphamvu yokulirapo, pamene boma limene munthu amachokera linkawerengedwa pa kasankhidwe kudzera mu ndondomeko ya kota, yomwe boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Koma ngakhale mpikisano uli woopsa, bungweli limagwira ntchito ndi zimene mwana walemba pa fomu, choncho dzanja lake lilipo pa zotsatira. Funso lovuta limabwera pamene wapatsidwa kosi imene anaiika kumapeto ndipo mtima wake suli pamenepo. Apa sindingapereke lamulo limodzi. Ambiri amalowa mokayika nkudzaikonda kosiyo atailawa, ndipo kukana malo a boma chifukwa cha kunyada chabe nkudzipweteka. Koma kulowa ndi maganizo akuti ndikasintha ndikafika nkudzinamiza, chifukwa kusintha kosi kumadalira malo ndi magiredi, ndipo sikuchitika kawirikawiri. Amene akudziwa kuti sangapirire zaka zinayi pa phunziro limenelo aganize za njira zina, zomwe zilipo ndithu. Domasi ndi Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi a ku sekondale. Malawi College of Health Sciences ndi sukulu za anamwino za mipingo zimatulutsa antchito a zaumoyo amene pambuyo pake amakawonjezera maphunziro. Mzuni ndi LUANAR ali ndi maphunziro apatali amene amalola munthu kuphunzira akugwira ntchito. Sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical College, pansi pa ndondomeko ya TEVETA, zimapereka luso limene limadyetsa munthu msanga. Wolowera pa dipuloma nkudzatenga digiri ali pa ntchito sanalephere, wangodzera njira imene thumba lake lingakwanitse.

Makolo nawo ali ndi mbali yoti adziletse. Kufunira mwana udokotala kapena uloya nkwachibadwa, makamaka kwa amene anavutika kuti amuphunzitse. Koma amene adzakhale m'kalasi ndi kugwira ntchitoyo moyo wonse ndi mwanayo. Mtsikana woopa magazi akakamizidwa unamwino chifukwa choti ntchito yake siisowa, odwala ndi amene adzalipire. Ndipo chikhulupiriro choti digiri iliyonse imabala ntchito chinatha kalekale: boma lenilenilo linayambitsa ndondomeko yotenga omaliza maphunziro kuti azikaphunzira ntchito m'maofesi ake mu 2018 chifukwa choona kuchuluka kwa amene ali ndi mapepala koma ali pakhomo. Chothandiza nkupeza munthu amene akugwira kale ntchito imene mwana akuifuna, kaya ndi mlangizi wa zaulimi, wopima malo kapena wa mu labotale ya chipatala, kuti amufotokozere mmene tsiku lake limayendera, mmene anapezera ntchito ndi zimene akanachita mosiyana. Kucheza kotere kwa ola limodzi kumaphunzitsa zambiri kuposa chikalata chokongola chotsatsa sukulu.

Pali nkhani ina imene mabanja amaizemba chifukwa cha manyazi, koma ndi mbali ya kumaliza sukulu. Wophunzira wa chaka choyamba, amene anzake amamutcha yaro, amafika pa malo pamene kwa nthawi yoyamba palibe womuyang'anira. Mowa uli pafupi, kubetcha pa mpira kuli pa foni m'thumba mwake, ndipo ndalama ya lendi ikhoza kutha usiku umodzi. Kwa atsikana, njala imatsegula khomo kwa abambo a magalimoto amene amadziwa bwino nthawi imene ndalama zimathera ophunzira, ndipo nthawi zina chiopsezo chimachokera kwa amene ali ndi mphamvu pa magiredi. Mwana achoke pakhomo akudziwa kuti lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, kuti pa yunivesite pali ofesi yoona za umoyo wa ophunzira kumene angakadandaule, ndiponso kuti kwawo angaimbe foni nkunena kuti zavuta popanda kunyozedwa. Chomalizachi nchofunika kwambiri. Mwana amene mudzi wonse unamuperekeza ndi nyimbo amaopa kunena kuti walephera phunziro kapena kuti wagona ndi njala, ndipo ena amasenza katundu ameneyu okha mpaka maganizo kuwapweteka. Kholo limene limafunsa za magiredi okha limamva zabwino zokhazokha. Lizifunsanso ngati wadya, amene akukhala naye m'chipinda ndi ndani, ndiponso ngati wapeza anzake a kumpingo, kumzikiti kapena gulu lowerengera limodzi.

Zonsezi sizingasiyidwe m'manja mwa mabanja okha, chifukwa zambiri zimene akufunika kudziwa zili m'madirowa a maofesi. Mayunivesite ndi NCHE amadziwa mapointi amene womaliza kutengedwa pa kosi iliyonse anali nawo chaka chatha, amadziwa mabedi amene ali nawo poyerekeza ndi ophunzira, ndipo amadziwa kuti mwa olowa ndi angati amamaliza pa nthawi yake. Zimenezi ziyenera kulembedwa momveka, pamodzi ndi chiyerekezo choona cha ndalama yokhalira pa mwezi ku Zomba, ku Bunda, ku Ndata, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, nkutumizidwa pa pepala ku sekondale iliyonse, kuphatikizapo za kumidzi kumene intaneti siifika, komanso kuulutsidwa pa wailesi m'zilankhulo zimene makolo amamva. Uphungu nawo uyambe msanga. Mwana amatseka kapena kutsegula makomo ambiri a kuyunivesite pamene akusankha maphunziro polowa Fomu 3, ndipo amene wasiya Physics kapena Chemistry pa nthawi imeneyo chifukwa choti anzake ati nzovuta sadziwa kuti wasiyanso udokotala, uinjiniya ndi zamankhwala. Mphunzitsi mmodzi pa sukulu iliyonse, wopatsidwa mabuku a makosi a chaka chimenecho ndi nthawi yokhala pansi ndi ana a Fomu 2 pamodzi ndi makolo awo asanasankhe maphunziro, ndi chinthu chimene unduna wa zamaphunziro ungayambe chaka chino popanda kumanga nyumba ngakhale imodzi.